Agogo Fabiyano, Wowotcha Fodya wa Eni

Sabata yatha tinakwanitsa chaka chimodzi chiikireni m'manda agogo anga aamuna, a Fabiyano, obereka amayi anga a Tereza. Pamwambo wa kukapela anandipempha kuti ndinenepo mawu. Ndinaimirira, ndinathokoza anthu chifukwa chobwera, kenako ndinangokhala pansi, za agogo osazinena. Agogo aakazi, a Lozalina, sanandikalipire. Anangoti, "Poti pakamwa pakukanika, ukalembe. Koma usakawakometse, anali munthu wovuta." Ndiye ndikulemba. Zina ndinaziona ndekha, zambiri ndinamva kwa iwo awiri, ndipo pomwe mawu awo ankasiyana ndinena. Ngati pena ndalakwitsa, akuluakulu mundikonze.

Agogo aamuna akafika pakhomo la munthu sankalowa msanga. Ankaima pachitseko n'kutukula dzanja pang'ono, kuseri kwa chikhatho kutaloza m'kati, ngati akumvetsera chinachake. Akatero m'pamene ankapereka moni. Alendo ankayesa pemphero. Ife tinkadziwa kuti akuyeza mpweya. Ankatha kukuuzani kuti denga lanu layamba kudontha inu eni musanaone, kapena kuti chimanga chomwe mwaunjika kuchipinda simunachiumitse bwino. Lamulungu lina anauza akatekisita, mapemphero ali m'kati, kuti atsegule zenera lakumbuyo chifukwa anthu ayamba thukuta ngati tsamba la tsiku lachiwiri. Agogo aakazi anawatsina pantchafu, mpingo wonse ukuona.

Nsidze analibe. Moto unazimaliza kalekale, ndipo sizinamerenso.

Kuno ku Ngauma, m'dziko la Mozambiki, fodya timaumitsa m'chigafa. Timasoka masamba, kuwapachika, mphepo n'kumaliza yokha. Ntchito ya agogo inali ina. Iwo anali wowotcha fodya m'mabalani, nyumba zazitali za njerwa momwe kutentha kumayenda m'mapaipi kuchokera kung'anjo ya panja. Moto umayaka sabata yathunthu osazima. Masiku oyamba umakhala wofatsa, kuti tsamba lichoke kubiriwira likhale lachikasu. Ukaukweza msanga, tsamba limauma lobiriwira ndipo silibwereranso. Ukachedwa, limada n'kuwola. Pakati pa ziwirizo pali maola ochepa, ndipo agogo ankawadziwa maolawo.

Ntchitoyi anakaiphunzira ku Malawi. Nkhondo itafika kumudzi kuno anathawa ndi agogo aakazi, amayi anga ali kumbuyo, nakapeza ganyu yotema nkhuni paesiteti ina ya ku Namwera. Kuchoka pankhuni anafika pang'anjo, kuchoka pang'anjo anafika m'kati mwa balani, mpaka mabalani onse asanu ndi imodzi anakhala m'manja mwawo. Nkhondo itatha, anzawo akumanga mitolo kubwerera kwathu, mkulu wa esiteti anabwera yekha kunyumba kwawo kudzawapempha kuti asapite. Anawapatsa nyumba ya malata. Agogo ankakonda kunena kuti masiku amenewo panalibe anawafunsa pepala lililonse, manja awo ndiwo anali dokumento. Anakhalako zaka zambiri ndithu. Amayi anga anakulira komweko, ndipo anabwera kuno pokwatiwa.

Atabwerera, anapeza kuti kwawo kulibe amene anaionapo balani ikuyaka. Ichi ndicho chinkawapweteka moyo wawo wonse womaliza. Anthu ankati a Fabiyano anapita ku Malawi kukasonkhera azungu moto, ndipo atakalamba anawataya. Ankawatchula a Malawi, monga kutsidya ankawatchula a ku Chipwitikizi. Amene ankawaseka kwambiri anali mlamu wawo, a Jasitino, mlongo wa agogo aakazi, mlimi wa fodya amene sanachokepo pamudzi pano ngakhale nthawi ya nkhondo.

"Alamu," ankatero a Jasitino, "anthu akapita kunja amabwerako ndi njinga yamoto, ena chigayo. Inu zaka zonse zija mwabwerako ndi nsidze zopsa basi?"

"Ndinali mmisiri, alamu."

"Mmisiri wosonkha moto? Ndiye mlongo wangayu ndi injiniya, poti amasonkha katatu patsiku."

Anthu ankaseka, agogo nawo ankaseka, koma akafika kunyumba ankadya pang'ono. Sankafuna ulemu waukulu ayi. Ankangofuna kuti munthu mmodzi wa kwawo akhulupirire kuti zomwe ankanenazo zinali zoona.

Chaka chachiwiri chibwerereni anamva kuti empuleza, kampani ina yogula fodya ku Cuamba, ikufuna anthu osankha masamba. Anavala jekete, anakwera shapa, minibasi ya kuno, ku Mandimba. Kumeneko anakumana ndi kalaliki wachinyamata wolankhula Chipwitikizi chothamanga, pamene cha agogo chinaima pomwe anachisiya ali mnyamata. Kalalikiyo anafunsa setifiketi. Agogo analibe. M'malo mwake anawerama, anatola masamba omwe anagwa pabelo, nawaika milu isanu patebulo, mulu uliwonse ndi mtundu wake. Kalaliki anaitana mnzake kuti adzaone, ndipo onse awiri anagwedeza mitu. Kenako anati chaka chimenecho ntchito zinali zochepa, ndipo anauzidwa kuyamba ndi anthu a konkuno. Agogo anatulutsa chiphaso chawo chosonyeza kuti anabadwira ku Ngauma. Mnyamatayo anayang'ana chiphaso, anayang'ana iwo, nati malankhulidwe awo ndi a kutsidya, ayesenso chaka chamawa.

Panja pabenchi anapeza amakaniko awiri ochokera ku Malawi amene nawonso anabwezedwa m'mawa womwewo. Anagawana nawo mtedza, anaonerera limodzi komboyo, sitima ya pamtunda, ikudutsa ndi mabogi ake, kenako aliyense anagwira njira. Anafika kunyumba ndi buledi mmodzi, ndipo za Cuamba sanazitchule mpaka patapita miyezi.

Malawi sankaida. Wailesi yawo inkakhala ya kumeneko, ndipo tiyi ankamwa ngati Mmalawi, shuga wambiri. Maganizo awo anali akuti maiko onse ndi amodzi: ntchito ikachuluka amakufunsa chomwe umadziwa, ikachepa amakufunsa komwe unabadwira. N'chifukwa chake anakangana kwambiri ndi a Jasitino chaka chomwe alimi ena ankafuna kuti aganyu ochokera kutsidya athamangitsidwe m'minda ya kuno. Agogo anafunsa pamsonkhano kuti kodi mwezi wa Januwale, udzu utakula n'kumafunika opalira, anthu omwewa ankalankhula chilankhulo china? Anakhala milungu itatu osayankhulana ndi mlamu wawo.

Koma mkangano wawo waukulu unali wa m'nyumba, ndipo unali wa makina osokera. Ine ndinakula ndikuumva osadziwa chiyambi chake. Agogo aakazi akaona chigamba pa malaya a munthu ankati, "Ndikanakhala ndi makina anga," n'kuyang'ana agogo aamuna. Iwo ankayang'ana pansi. Nditakula ndinafunsa, ndipo anandiuza, aliyense payekha.

Mitengo ya fodya inali itagwa zaka zotsatizana. Esiteti inachepetsa minda, anthu a midzi yozungulira anayamba kudandaula kuti ana awo akukhala pakhomo pamene alendo ali pantchito. Agogo anapatsidwa munthu woti amuphunzitse, a Wedisoni, bambo wa ana atatu wa mudzi wapafupi. A kuofesi anawauza kuti ndi wowathandiza chabe, poti iwo akukula. Agogo sanali mwana. Anamuphunzitsa nyengo ziwiri, anamusonyeza zonse, kupatula chinthu chimodzi.

Balani yachinayi inali ndi khalidwe lake. Kagalasi koyezera kutentha kankapachikidwa pafupi ndi chitseko, pomwe paipi inkatentha kwambiri, koma ngodya yakumbuyo inkatsalira pafupifupi theka la tsiku. Ukakhulupirira kagalasi ndi masamba a pakhomo n'kukweza moto, fodya yense wakumbuyo ankauma wobiriwira. Unkayenera kulowa, kukwawa pansi pa mikangala yomwe fodya amapachikapo, kukagwira tsamba la kungodya ndi dzanja. Agogo balani imeneyi ankaiwotcha okha, akumati ndi yovuta, a Wedisoni adzaiphunzira m'tsogolo. Anandiuza mosabisa kuti ankaisunga dala. Ankaganiza kuti bola pakhale chinthu chimodzi chomwe eni dziko sakuchidziwa, sadzawachotsa.

Anawachotsa ndithu. Linali tsiku lachitatu la moto, m'mawa, mvula ikuwaza. Onse opanda mapepala a ku Malawi anaitanidwa kuofesi. Mkulu yemwe anawapempha kale kuti atsale anali atapita, ndipo watsopanoyo anawerenga mayina osakweza maso. Anati si kufuna kwake, lamulo lavuta, ntchito zilipo zochepa ndipo ziyenera kupita kwa nzika. Lole idzawatula kufulontera, pamalire a dziko, masana omwewo.

Pofika masana katundu anali pa lole: matumba, mphasa, mipando iwiri, ndi makina osokera a agogo aakazi, omwe anawagula ndi thukuta lawo losoka mayunifolomu a ana a sukulu. Agogo aamuna anakhala pa thumba atawagwira makinawo ndi miyendo. Ali pamenepo anaona utsi wa balani yachinayi ukusintha. A Wedisoni anali atayamba kuwonjezera nkhuni.

"Akukweza," anatero agogo.

"Asiyeni akweze," anatero agogo aakazi. "Si akuti akudziwa?"

"Kumbuyo sikunapse."

"Bambo a Tereza, fodya ameneyo ndi wanu? Akuthamangitsani ngati galu wakuba mazira. Auwononge, adziwe yemwe amutaya."

Agogo aamuna anandiuza kuti mawu amenewo anawakomera. Anakhala kaye, akulingalira nkhope ya mkulu watsopano uja potsegula balani n'kupeza theka lobiriwira. Koma kenako anaganiza kuti amene adzafunsidwe si mkuluyo, ndi a Wedisoni, ndipo a Wedisoni sanalakwe kanthu koma kukhulupirira mphunzitsi wawo. Agogo aakazi amati zimenezo n'zokometsera, munthuyo sakanatha kungoona tsamba likuwonongeka, likhale la mdani kapena la Satana. Ine sindikudziwa amene akulondola. Mwina onse.

Agogo aamuna anatsika. Anauza dalaivala kuti akubwera pompano.

Atafika pang'anjo anayamba kusolola zikuni zoyaka n'kumaziponya m'matope.

"Madala, mukutani?" anafuula a Wedisoni. "Galasi likuti nthawi yakwana!"

"Galasi limanama muno. Vula malaya, unditsate."

Anakwawa onse awiri mpaka kungodya. Agogo anagwira dzanja la a Wedisoni naligwiritsa tsamba la kumeneko, lomwe linali lolimba, lobiriwira m'mitsempha. Kenako anawagwiritsa la pakhomo, lofewa ngati nsalu yonyowa.

"Wamva kusiyana?"

"Ndamva. Nanga bwanji simunandiuze chaka chatha?"

"Ndimaopa," anatero agogo. "Ndimaopa lero."

Panja lole inaliza hutala kawiri. Agogo anatuluka, anaima pakhomo la balani, anakweza dzanja kusonyeza kuti idikire pang'ono. Moto unali utakwera kale ndipo unafunika kuutsitsa mosamala, osati mwadzidzidzi. Lole sinadikire. Munali mabanja ena, ndipo dalaivala ankafuna kubwerera kusanade.

Agogo aakazi anafika kufulontera okha. Potsitsa katundu aliyense ankasamala zake, panalibe wogwira mbali inayo, ndipo makina anagwa kuchokera pamwamba pa lole n'kusweka pakhosi. Anakhala m'khonde la sitolo ina ku Mandimba masiku anayi akudikira mwamuna wawo. Agogo aamuna anatsala mpaka balani yachinayi itapsa, akugona kwa a Wedisoni poti nyumba ya malata inali itatsekedwa, osalipidwa kanthu, akubisala mkulu akamadutsa. Anabwera wapansi kudzera njira za m'minda, atanyamula chinangwa chomwe mkazi wa a Wedisoni anawamangira.

"Fodya wapsa bwino," ndiwo mawu oyamba omwe ananena atawapeza.

Agogo aakazi amati sanawayankhe mpaka Isitala.

Zaka zitatu asanamwalire anayamba kuumba njerwa kuseri kwa nyumba. Tinkayesa akumanga khola. Chipupa chitapitirira mutu wa munthu, chopanda zenera, a Jasitino anabwera kudzaona.

"Alamu, ndende imeneyi mukumangira ndani?"

"Ndi balani."

"Empuleza sigula fodya wowotcha kuno. Mudzagulitsa kwa yani?"

"Sindinati ndikugulitsa."

Inali yaing'ono, munthu atatambasula manja ankatsala pang'ono kukhudza zipupa zonse ziwiri. Mapaipi anawapanga ndi migolo yakale yomwe anakaidula kwa wosula ku Mandimba. Mbewu anakaipempha kutsidya, nadzala mizere yochepa kumapeto kwa munda wa chimanga. Agogo aakazi ankadandaula tsiku lililonse: njerwa zomwe zikanamanga khitchini yatsopano, nkhuni zomwe ankaunjika mulu mpaka m'chifuwa, msana wa munthu wokalamba. Chaka choyamba fodya anagwidwa ndi matenda. Chachiwiri anakula.

Anayatsa moto Lolemba lina mu Febuluwale. Ine ndinali kusukulu, ndiye za masiku oyamba ndinamva kwa agogo aakazi. Tsiku lachitatu miyendo ya agogo aamuna inatupa, monga inkachitira chaka chimenecho, ndipo anakanika kuwerama kuti alowe. Anakhala pachitsa pafupi ndi ng'anjo, akuyang'ana chitseko, misozi ili m'maso. Anatola chikuni kuti akweze moto mongoyerekeza.

Agogo aakazi anasiya lichero, anamanga chitenje, analowa. Anatuluka thukuta lili chuchuchu.

"Bwezani chikunicho. Am'mwamba agonja, koma am'munsi mitsempha ikadali yobiriwira. Tidikire dzuwa lipendeke."

Agogo aamuna anabweza chikuni chija. "Mayi a Tereza, zimenezi mwazidziwira kuti?"

"Zaka zonse zija mumalankhula za fodya pa chakudya, mumayesa ndinali wogontha?"

Kuyambira pamenepo anawotcha awiri, wina pachitsa, wina kulowa ndi kutuluka, akukangana pa chikuni chilichonse.

Tsiku lotsitsa fodya ndinalipo. Anali atatsegula chitseko kuyambira dzulo lake kuti chinyontho chifewetse masamba asaphwanyike. Anthu anabwera ambiri, ena kudzaseka. Agogo aakazi anatulutsa mkangala woyamba, ndipo phokoso linachepa. Ine ndinali ndisanaonepo fodya wotero. Wathu wa m'chigafa amakhala wofiirira ngati dothi. Uyu anali wachikasu chowala ngati papaya wakupsa, ndipo ankanunkhira ngati uchi.

A Jasitino anathothola tsamba limodzi. Analitambasula, analiyang'anitsa kudzuwa, analinunkhiza, analikulunga pachala n'kulimasula, osang'ambika. Ndi mlimi wa fodya, sakanatha kunamizira kuti sakuona.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "ichi munkachita chaka ndi chaka?"

"Mabalani asanu ndi imodzi. Iliyonse kuposa ino kakhumi."

A Jasitino anavula chipewa, anaika tsambalo m'kati mosamala, nachivalanso.

"Ndiye anthu aja anali opusa," anatero.

"Sanali opusa, alamu. Ntchito inachepa."

Fodyayo sanagulidwe ndi aliyense. Agogo anagawira nkhalamba za m'mudzi manja awiri awiri, timitolo ta masamba, ndipo wina anatumiza kutsidya kwa a Wedisoni kudzera mwa wamalonda wa njinga. Wamalondayo anabwerera ndi fodyayo. Anati esiteti ija inatsekedwa, ndipo a Wedisoni anapita ku Joni kukafuna ntchito. Agogo anafunsa ngati anapita ndi mapepala. Wamalondayo sankadziwa. Tsiku limenelo agogo anamutchula munthuyo m'pemphero la chakudya, ndipo anapitiriza kumutchula mpaka pamene anagona pamphasa osadzukanso, m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho.

Balani ikadalipo kuseri kwa nyumba. Sinayakenso. Mavu amanga zisa kukamwa kwa ng'anjo, ndipo dzungu lina lamera lokha n'kukwera chipupa chakumadzulo mpaka padenga. Chitsa chija chayamba kudyedwa ndi chiswe, koma patsogolo pake pakuonekabe pomwe zidendene zawo zinakumba dothi. Amalume anafuna kugwetsa chipupa chimodzi kuti njerwa zikathandize pachiliza, agogo aakazi anati akaumbe zawo. Masana amakapetera chimanga pamthunzi wake, ndipo nthawi zina ndimawamva akulankhula motsitsa, mawu ake a mkangano.

Mulu wa nkhuni zomwe zinatsala uli pomwepo, wafika m'mawondo, wayamba kumera bowa. Khitchini ili mapazi khumi kuchokera pamenepo. Agogo aakazi, ndi msana wawo wopweteka, amapita kuphiri kukatola zina.